Katemera Amayambira M'khutu

Sendezani mipando kuno abale anga, moto ukadali ndi makala. Pamkono wanga pali kachipsera kozungulira, kukula kwake ngati tambala. Adzukulu akamakasisita amafunsa kuti, "Agogo, munapsa ndi chiyani apa?" Ndimawauza kuti kameneka ndi kachizindikiro ka katemera wa nthomba. Iwo nthomba saidziwa n'komwe, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti saidziwa, pakuti m'chaka cha 1980 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti nthendayi yatheratu. Koma ife a mvula zakale tinaona nkhope zobookabooka za amene anapulumuka, ndi ena amene nthendayi inawasiya akhungu.

Za ululu wa tsiku limenelo ndinaiwala kalekale. Chimene chinatsala mumtima ndi munthu amene anabwera kudzatitemera. Amayi anga anali atapangana ndi anzawo kuti atibise kumunda, chifukwa kunamveka mphekesera zoopsa. Munthuyo atafika sanathamangire kutsegula chikwama. Anayamba wakhala pamphasa kwa amfumu, kulonjerana ndi akuluakulu, kumwa madzi amene anam'patsa. Kenako anapinda mkono wa malaya ake n'kuonetsa chipsera chake. Anati, "Amayi anga, chimene ndabweretsera ana anu ndi ichi. Patuluka kachilonda, mwana atentha thupi pang'ono. Musapakepo kanthu, pauma pokha." Amayi anabwerera kumunda kukatitenga. Zonse zinachitika monga ananenera, ndipo kuyambira pamenepo mawu a munthu wa zaumoyo ankalemera pakhomo pathu. N'chifukwa chake ndimati katemera amayambira m'khutu. Khutu likakana, mkono subwera.

Alangizi a zaumoyo amene timawaona lero atavala yunifomu ya buluu, akupalasa njinga ndi kabokosi koziziritsira katemera kumbuyo, ndi zidzukulu za anthu amene aja pantchito. Ntchito yawo inayamba ndi otemera nthomba, inadutsa m'manja mwa olimbana ndi kolera, mpaka kufika pa sikelo ya lero. Mukuidziwa sikelo ya kumudzi: yapachikidwa panthambi ya mango, mwana walowetsedwa m'kakabudula kaja akupalapata miyendo, amayi akhala pamzere mabuku a kuchipatala ali m'manja, atakulungidwa m'pepala la pulasitiki kuopa mvula. Pamalo amenewa ndi pamene dziko limapambanira kapena kugonja pankhondo ya matenda. Katemera angachokere kutali pandege, angasungidwe bwino m'mafiriji a boma, koma mtunda wotsiriza ndi wochoka pakamwa pa mlangizi kufika mumtima mwa mayi. Mtunda umenewo suyendedwa pagalimoto.

Ndiyambe ndi inu ana anga a zaumoyo, anamwino ndi alangizi. Chuma chanu choyamba ndi kudziwa. Mayi akafunsa kuti, "Adokotala, n'chifukwa chiyani mukubaya mwana wosadwala?" yankho likhale pafupi ngati fodya wa pamphuno. Muuzeni kuti katemera amaonetsa thupi nkhope ya mdani mdaniyo asanafike, kuti asilikali a m'thupi akonzekeretu, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse. Akafunsa chifukwa chobwerera mwana akakwanitsa masabata 6, kenako 10, kenako 14, muuzeni kuti thupi limaphunzira ngati mwana wa sukulu, pomva kangapo. Mudziwe kuti jekeseni imodzi ya pantchafu ija imatchinga matenda asanu, kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, ndiponso kuti katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 n'kubwerezedwa pa miyezi 15. Mayi amadziwa kusiyanitsa munthu amene akulankhula zimene akudziwa ndi amene akungoloweza. Akaona maso anu akuthawa funso, amanyamula mantha ake n'kupita nawo kwa wina amene adzamuyankha molimba mtima, ngakhale akunama.

Ndipo funso likakukulirani, musachite manyazi kunena kuti, "Mayi, ichi ndikafunsa akuluakulu anga, ndidzakuyankhani pa sikelo ya mwezi wamawa." Mukadzabweradi ndi yankholo, mudzakhala mwagula chikhulupiriro chimene ndalama sizingagule. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu wophunzira weniweni ndi amene amadziwa pamene nzeru zake zalekezera.

Koma kudziwa kopanda lilime lofatsa kuli ngati ndiwo zabwino zoperekedwa m'mbale yakuda. Ndikuuzeni zimene zinachitika pakhomo panga. Mdzukulu wanga wina, mayi wa mwana mmodzi, anapita kusikelo ndi khanda lake. Usiku umenewo mwana anatentha thupi, ntchafu inatupa, analira mpaka tambala woyamba. Panalibe amene anamuuza kuti zimenezi zimachitika. Mwezi wotsatira anapita mochedwa ndi masabata awiri, mtima uli m'mwamba, akufuna kufunsa. Amene anam'peza anayang'ana m'buku n'kunena pamaso pa anthu onse kuti, "Munali kuti masiku onsewa? Amayi osasamala inu ndi amene mumatipatsa ntchito." Mwanayo anabayidwa, koma mayi anabwera kunyumba atameza funso lake pamodzi ndi misozi. Ananditsimikizira kuti, "Agogo, ine kumene kuja sindidzapondakonso."

Patapita miyezi, mlangizi wina anaona kuti m'kaundula mwake muli dzina la mwana wosowa. Anapalasa njinga mpaka pakhomo. Sanayambe ndi buku. Ananyamula mwana, kumuseweretsa, kufunsa ngati akuyamwa bwino. Kenako anati, "Achemwali, chinakukhumudwitsani n'chiyani? Ndiuzeni, ine ndabwera kudzamva." Mdzukulu wanga anakhuthula zonse. Mlangiziyo anamvetsera osam'dula mawu, ndipo atatha anati, "Kutentha thupi kuja n'chizindikiro choti thupi lagwira ntchito. Kumatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Muzimuyamwitsa pafupipafupi, musamufunditse zolemera. Koma kukapitirira, kapena mwana akakana bere, kapena akakomoka, thamangirani kuchipatala usiku womwewo." Anaonjeza kuti kuchedwa sikutanthauza kuyambiranso, angopitiriza pamene analekezera. Lero mdzukulu wangayo ndiye amadzutsa anzake tsiku la sikelo. Katemera anali yemweyo, boma lomwelo, mudzi womwewo. Chinasintha ndi pakamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikudziwa, ana anga, kuti mumatopa. Mzere ndi wautali, dzuwa likuswa mtengo, inu muli awiri kapena nokha. Koma kumbukirani kuti mayi amene waima patsogolo panu wasiya khasu m'munda, wayenda mtunda mwana ali kumsana, mwina wawoloka mtsinje. Mawu amodzi aukali amafafaniza ulendo wonsewo, ndipo madzi akatayika saoleka. Ngati simungathe kum'thandiza tsiku limenelo, muuzeni chifukwa chake. Ngati katemera watha, nenani kuti watha ndipo abwera tsiku lakuti. Botolo la katemera wa chikuku likasungunulidwa limayenera kutayidwa pakatha maola 6. Katemera wambiri amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Zimenezi mayi sazidziwa pokhapokha mutamuuza, ndipo mukamuuza amaona kuti mumasamala za chimene chikulowa m'thupi la mwana wake.

Chinanso, musakometse katemera kuposa mmene alili. Pa 23 April 2019 dziko lathu linakhala loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera kusikelo, kenako Ghana ndi Kenya anatsatira. Ndi chinthu chonyaditsa. Koma katemerayu amachepetsa malungo, kuphatikizapo aakulu aja otengera mwana kumanda; sawatsekereza onse. Amafunika kulandiridwa kanayi, ndipo mwana ayenera kugonabe m'neti. Mlangizi amene angauze mayi kuti "mwana wanu sadzadwalanso malungo" wadzikumbira dzenje. Tsiku limene mwanayo adzatenthe thupi n'kupezeka ndi malungo, mayi adzati ananamizidwa, ndipo adzakayikira ngakhale katemera wa chikuku ndi wa poliyo. Bodza lilibe mwendo. Limagwera panjira, ndipo likamagwa limagwetsa ndi choonadi chimene linatsamira.

Mphekesera nazo musaziseke. Mu January 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, nthenda imene yatilanda amayi ambiri kuno kwathu kuposa m'mayiko ochuluka. Makolo ena anamva kuti katemerayu ndi wotseka mimba. Kholo lotere silopusa ayi. Likuopa kuti mbumba yake ingathe, ndipo mantha amenewo ndi a chikondi. Mukalinyoza, mwalikankhira kwa wabodza. Khalani nalo pansi, mulifotokozere kuti kachilombo ka HPV ndi kamene kamayambitsa khansayi, kuti katemera amagwira bwino ntchito mtsikana asanakumane nako, ndiponso kuti chimene akuteteza ndi chiberekero chomwecho chimene khololo likudera nkhawa. M'mera mpoyamba.

Tinaonanso nthawi ya Covid-19. Katemera woyamba anafika mu March 2021, mphekesera zitafika kale pa WhatsApp ndi m'misika. Mu May chaka chomwecho unduna wa zaumoyo unatentha poyera katemera 19,610 amene anapitirira masiku ake, kuti anthu aone ndi maso awo kuti palibe amene adzabayidwe katemera wotha ntchito. Kunali kupweteka kuona mankhwala akupsa, koma phunziro lake ndi lakuti chikhulupiriro chimakula pamene zinthu zikuchitikira pambalambanda. Ndipo m'midzi yambiri anthu ankayamba afunsa mlangizi kuti, "Nanga inuyo mwabayitsa?" Amene anatha kupinda mkono wa malaya, monga anachitira wotemera nthomba uja, sanavutike kulankhula zambiri.

Mtengo wa kunyalanyaza timaudziwa. M'chaka cha 2010 chikuku chinabuka m'dziko muno, chinagwira anthu oposa 130,000 n'kupha oposa 300. Mu February 2022 kunalengezedwa kuti kamtsikana ka zaka 3 ku Lilongwe kapuwala ndi poliyo, nthenda ya mtundu umene tinali tisanauone kuyambira 1992, ndipo akatswiri anapeza kuti kachilomboko kanali kofanana ndi ka ku Pakistan. Taganizani mtunda umenewo! Tsoka silinunkha, ndipo matenda sapempha chilolezo pachipata cha dziko. Lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Poliyoyo atapezeka, amene anayenda khomo ndi khomo kudontheza madontho awiri a katemera m'kamwa mwa ana, n'kupaka inki pa kachala, ankatsegulidwa zitseko chifukwa cha nkhope zodziwika ndi mawu aulemu.

Tsopano nditembenukire kwa inu makolo anzanga. Safunsa anadya phula. Mukafika kusikelo funsani kuti katemera wa lero ndi wa nthenda yanji, mwana amva bwanji usiku, ndipo mubwerenso liti. Kufunsa si mwano. Uthenga wa pafoni umene simukudziwa mwini wake musautenge ngati lamulo, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa; pitani nawo kwa amene anaphunzira ntchitoyi mukamve nokha. Wina akakulankhulani mwaukali, kadandauleni kwa oyang'anira chipatala kapena ku komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, koma musalange mwana wanu chifukwa cha lilime la munthu wina. Abambo, buku la kusikelo si la amayi okha. Litseguleni, muone masiku, mupalase njinga. Apongozi ndi agogo anzanga, mawu athu amalemera pakhomo. Tiwagwiritse ntchito potumiza ana kusikelo. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mphekesera ikabuka, itanani mlangizi pabwalo, anthu afunse momasuka inu muli pomwepo. Ndipo inu olamula kuunduna, musatume mwana kunkhondo wopanda uta. Katemera watsopano akamabwera, yambani mwaphunzitsa alangizi mokwanira, m'chilankhulo chimene adzayankhire nacho anthu, ndipo muwamvere akamakuuzani mafunso amene akukumana nawo kumidzi. Mlangizi amene iye mwini ali ndi chikayiko mumtima sangachotse chikayiko cha mnzake.

Makala aja azilala, tiyeni tikagone. Dzulo ndinanyamula kachidzukulutuvi kanga, ndipo pamkono pake ndinaona kachipsera ka BCG, katemera wa chifuwa chachikulu amene amaperekedwa mwana akangobadwa. Ndinayandikiza mkono wanga wamakwinya pafupi ndi wake. Zipsera ziwirizo zasiyana zaka zambiri, koma chilichonse chilipo chifukwa tsiku lina munthu wodziwa ntchito yake anafatsa, nalankhula zoona kwa mayi wamantha, ndipo mayiyo anamasula mbereko. Inu amene mwavala yunifomu ya buluu, mawa mukamatsegula kabokosi kanu pansi pa mango, yambani mwayang'ana nkhope ya mayi ndi kum'patsa moni. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.