ZA UMOYO: Impso Zikatopa, Wodwala Nayenso Akhale ndi Mau

Matenda a impso amadya munthu mwakacetecete monga ciswe m'nsanamira. Mlimi wa ku Tembwe, m'boma la Chama, angathe kulima mpunga wake zaka zingapo osadziwa kuti impso zake zirikufooka, kufikira pamene mapazi ayamba kutupa, mkodzo ucepa, cakudya cimnyansa, ndipo mpweya umbanika akagona. Pamenepo a ku kiliniki amamtumiza ku cipatala ca ku Chama, ndipo a ku Chama, ataona kuti matendawo afuna akatswiri, amamlembera kalata ya ku Chipata Central Hospital kapena ku UTH mu Lusaka. Kumeneko ndiko banja limayamba kumva mau acilendo akuti dayalisisi, ndipo kawirikawiri limafunsidwa kuvomera cinthu cimene silinacimvetse.

Munthu ali ndi impso ziwiri, iriyonse yaikulu ngati nkhonya yake. Nchito yake ndi kusefa magazi usana ndi usiku. Pa tsiku limodzi zimasefa madzi okwanira malita 180, koma ambiri amabwerera m'thupi, ndipo otuluka monga mkodzo ndi lita imodzi ndi theka kapena awiri. Zimene zimaononga impso kwambiri ndi BP ndi shuga zosasamalidwa; kacirombo ka HIV, likodzo, malungo akulu, mankhwala ena a zitsamba, ndiponso kumwa mapiritsi opha ululu monga diclofenac ndi ibuprofen kwa nthawi yaitali, nazonso zimathandizira.

Pali kusiyana kumene banja liyenera kufunsa poyamba penipeni. Nthawi zina impso zimaima mwadzidzidzi cifukwa ca malungo akulu, kutsegula m'mimba kapena kutaya magazi pobereka. Wodwala wotere angafune makina kwa masiku kapena masabata owerengeka, impso n'kutsitsimuka. Koma pamene zaonongeka pang'onopang'ono kwa zaka, mphamvu yake n'kutsika pansi pa magawo 15 mwa 100, sizibwereranso. Apa dayalisisi siciritsa. Imangogwira nchito imene impso zasiya, ndipo wodwala amaifuna moyo wake wonse pokhapokha atapatsidwa impso ina.

NJIRA ZIMENE ZIRIPO

Njira yoyamba ndi ya makina. Magazi amatuluka pa mtsempha, kudutsa m'sefa, ndi kubwerera m'thupi. Wodwala amakhala pa makinawo maola anai, katatu pa sabata, ngakhale kuti kumene makina ndi ocepa ena amalandira kawiri.

Njira yaciwiri ndi ya pamimba. Dokotala amaika kapaipi kofewa pamimba, ndipo wodwala, ataphunzitsidwa, amalowetsa madzi a mankhwala okwanira malita awiri, kuwasiya maola angapo, ndi kuwatulutsa, kanai pa tsiku. Imeneyi imacitikira kunyumba, koma imafuna cipinda caukhondo, madzi abwino osambira m'manja, ndi matumba a mankhwala ofika mosalekeza. Kadothi kocepa kangabweretse matenda oopsa m'mimba.

Njira yacitatu ndi kupatsidwa impso ya munthu wina, makamaka wacibale wamphamvu amene wapereka mwa kufuna kwake. M'Zambia opaleshoni yotere inacitika koyamba ku UTH m'caka ca 2018. Wolandirayo amamwa mankhwala masiku onse kuti thupi lisaikane impsoyo.

Njira yacinai, imene ambiri amaopa kuichula, ndi kusamalidwa popanda makina. Dokotala amapereka mankhwala ocepetsa kutupa, kuyabwa, nseru ndi ululu, ndipo wodwala amakhala kwao pakati pa abale. Kwa nkhalamba yofooka imene irinso ndi matenda a mtima, madokotala amadziwa kuti makina sangaonjezere masiku ambiri, koma angaonjezere mabvuto.

CIFUKWA CAKE NKHANI SI YA DOKOTALA YEKHA

Makina oyamba anapangidwa ndi Dr Willem Kolff ku Netherlands m'caka ca 1943. Mu 1962, mumzinda wa Seattle ku America, makina anali ocepa kotero kuti kabungwe ka anthu asanu ndi awiri ndiko kanali kusankha amene adzapatsidwa ndi amene adzasiyidwa. Odwala analibe mau. Lero aciphunzitso ca mankhwala amabvomereza kuti dokotala adziwa matenda, koma wodwala ndiye adziwa moyo wake, ndipo cosankha cabwino cimabadwa pamene nzeru ziwirizi zakumana.

Kwa munthu wa ku Tembwe mfundo imeneyi ndi yolemera. Makina ali kutali. Kuti akafike ku Chipata ayenera kudzera ku Lundazi, ndipo m'dzinja mitsinje ya m'cigwa ca Luangwa ikadzaza, mseu umabvuta. Palibe amene angayende ulendo wotere katatu pa sabata. Cotero kubvomera makina ndi kubvomera kusamuka: kufuna nyumba m'tauni, kusiya munda wa mpunga m'manja mwa ena, kusankha amene adzadwazika, ndi kuganizira ana a sukulu. Akulu anati walira mvula walira matope. Dokotala wa ku Chipata sangadziwe matope amenewa ngati banja silimuuza.

Palinso cizolowezi cimene ciyenera kukonzedwa. Kawirikawiri dokotala amalankhula ndi woperekeza, ndipo akulu a banja amagamula nkhani panja, wodwala ali cigonere. Mai wodwala amangouzidwa zimene amuna ake kapena alongo ake apangana. N'zoona kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo uphungu wa abale ndi wofunika pakuti ndiwo adzasenza mtolo pamodzi naye. Koma mkono wobayidwa singano ndi wa wodwala. Munthu wamkulu amene maganizo ake ali bwino ndiye amabvomera kapena kukana cithandizo, ndipo abale asambisire cimene dokotala wapeza. Amene amamva Cisenga kuposa Cinyanja kapena Cizungu apemphe womasulira, asagwedeze mutu mwaulemu cabe.

KUONANA NDI AKATSWIRI MSANGA

Wodwala amene waonana ndi dokotala wa impso miyezi ingapo makina asanafunike amakhala ndi mwai waukulu. Pamakhala nthawi yocita opaleshoni yaing'ono pa mkono yolumikiza mitsempha iwiri kuti pakhale pobayira polimba, ndipo malowo amafuna masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa kuti akhwime. Kuyambira pamenepo mkono umenewo subayidwanso jekeseni kapena kupimidwa BP. Wofika mocedwa, ali kale cikomokere, amaikidwa kapaipi pakhosi mofulumira, ndipo kameneka kamalowetsa tizirombo m'magazi mosabvuta. Wotereyu alibenso mpata wosankha, zonse zimamsankhikira.

Ku cipatala cacikulu kuli anamwino a makina, a uphungu wa zakudya ndi a zacisamaliro ca anthu, ndipo onsewa afunsidwe. Wa zakudya adzafotokoza za kucepetsa mcere ndi madzi akumwa, ndiponso kuti nthoci, kandolo, nsawa ndi ndiwo zophika ndi cidulo ziri ndi potaziyamu wambiri, amene akaunjikana m'magazi angaimitse mtima.

Banja lisanabvomere, lifunse mafunso awa: Kodi impso zidzatsitsimuka kapena ai? Ndi njira ziti zimene cipatala cino cingapereke lero, ndipo pa makina pali malo? Wodwala akayamba, kapena akapanda kuyamba, adzakhala bwanji m'miyezi ikudzayi? Ndi ndalama ziti zimene banja lidzalipira lokha, ndipo ndi ziti zimene inshuwalansi ya NHIMA, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2018, idzathandiza? Kodi akayesa makina kwa kanthawi n'kuona kuti sakumthandiza, angasinthe maganizo? Mwana wodziwa kulemba alembe mayankho, kuti a kumudzi akamve zenizeni osati mphekesera.

Amene wasankha kubwerera kwao asanenedwe kuti wataya mtima, ndipo abale ake asanenedwe kuti amtaya. Atenge kalata ya dokotala kupita nayo ku kiliniki ya kwao kuti mankhwala apitirire. Cofunika kupewa ndi kugulitsa mbuzi ndi mpunga wonse kupatsa ogulitsa mizu amene amalonjeza kutsuka impso, pakuti impso zotopa sizitha kutulutsa ululu wa mankhwala otere.

Caka ciriconse, pa Lacinai laciwiri la mwezi wa March, maiko amakumbukira tsiku la impso. Koma munthu wa BP, wa shuga kapena wa pa ma ARV asadikire tsikulo. Apite ku kiliniki kukapimitsa BP ndi mkodzo, amwe mankhwala ake mosadumphitsa, ndipo akauzidwa kuti impso zayamba kufooka, aitane abale akhale pansi akali ndi mphamvu zolankhula yekha.