Mtima Wogunda Mosalongosoka: Cipimo ca Magazi Cifike ku Makomboni

Mu mzinda wa Livingstone muli anthu amene akhala zaka zambiri ndi mtima wogunda mosalongosoka. Ena amati mtima ulikudumphadumpha, ena amati uphiriphitha ngati mbalame yogwidwa m'manja. Mai wotere akayenda pang'ono ndi dengu pamutu kucokera ku msika wa Maramba apuma wefuwefu, ndipo madzulo mapazi atupa. Madotolo amaicha nthenda imeneyi atrial fibrillation. Zipinda ziwiri za pamwamba za mtima, m'malo mofinya magazi mwa dongosolo, zimangonjenjemera, ndipo zipinda za pansi zimatsatira mwa cisawawa. Namwino wodziwa nchito yace angathe kuikaikira pongogwira mtsempha wa pa dzanja kwa mphindi imodzi, koma makina a ECG ndiwo amatsimikiza.

Funso loyamba la abale likhala lakuti, kodi mtima umenewu sungabwezedwe m'malo mwace? Amva kuti kuli njira youdzidzimutsa ndi magetsi, ndiponso kuti ku South Africa ndi ku India madotolo amalowetsa kawaya mu mtsempha ndi kuocha malo amene asokoneza kagundidwe. Pamenepo banja liyamba kuwerenga ng'ombe za kumudzi zimene zingagulitsidwe.

Njira zimenezo zilikodi, ndipo zathandiza anthu. Koma zithandiza kwambiri munthu amene nthenda yangomuyamba kumene. Kafukufuku wa ku Ulaya wochedwa EAST-AFNET 4 anaonetsa mu 2020 kuti kubweza kagundidwe ka mtima kuli ndi phindu ngati kwacitika m'caka coyamba nthenda itadziwika. Pakapita zaka, zipinda zija zimafutukuka ndi kukhala ndi zipsera, kotero kuti mtima wodzidzimutsidwa lero kawirikawiri ubwerera ku khalidwe lace lakale patapita masiku kapena miyezi yowerengeka. Kafukufuku wina, wa AFFIRM, amene anatsata odwala oposa 4,000 ku America ndi ku Canada, anapeza mu 2002 kuti amene anangopatsidwa mankhwala ocepetsa liwiro la mtima sanafe msanga kuposa amene madotolo analimbana ndi kubweza kagundidwe kao. Mankhwala ocepetsa liwirowo ndi odziwika kale m'zipatala za Zambia, monga atenolol ndi digoxin.

Coopsa ceniceni cili pena. M'cipinda conjenjemera magazi amadikha ngati madzi a m'thamanda, ndipo amaundana. Kacidutswa kamodzi kakathothoka, kapita ku ubongo ndi kutseka mtsempha. Ndiyo sitiroko imeneyo: munthu amene dzulo anali kugulitsa pa msika, lero mbali imodzi ya thupi yafa, pakamwa papotoka, mau satuluka. Munthu wa nthenda imeneyi ali pa ngozi ya sitiroko pafupifupi kasanu kuposa mnzace wa mtima wabwino. Mankhwala a warfarin, amene aletsa magazi kuundana msanga, amacotsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ngozi imeneyo. Aspirin, amene ambiri amam'gula okha namuyesa wokwanira, safika pamenepo ai.

Ku maiko a azungu nthenda imeneyi ndi ya okalamba. M'Zambia igwiranso anyamata ndi atsikana, cifukwa ca zilonda za pakhosi za paubwana zimene sizinacizidwe ndi penicillin, ndipo pambuyo pace zinaononga zitseko za mkati mwa mtima. Kafukufuku wa m'masukulu a Lusaka, wofalitsidwa mu 2018 ndi Dr John Musuku ndi anzace, anapeza zizindikiro za kuonongeka kumeneku mwa ana pafupifupi 12 pa 1,000 alionse. Kwa odwala otere mapiritsi atsopano okwera mtengo, amene safuna kupima magazi kawirikawiri, sanaonetse ubwino umene anthu anayembekeza. Mu 2022 kafukufuku wa INVICTUS, wa odwala oposa 4,500 m'maiko 24, anapeza kuti amene anamwa warfarin ndi mankhwala ena a mtundu wace anafa ocepa kuposa amene anamwa rivaroxaban. Motero mankhwala akale ochipa ndiwo anapambana.

Anthu ena amaopa warfarin pomva kuti ndi mankhwala a makoswe. Nkhaniyo si yabodza: anayamba kugulitsidwa monga cophera makoswe mu 1948, ndipo anabvomerezedwa kucizira anthu mu 1954. Cimene cisiyanitsa mankhwala ndi poizoni pamenepa ndi muyeso, ndipo bvuto lonse lagona pa muyesowo. Akacepa, magazi aundana. Akaculuka, munthu acuca magazi m'mphuno, m'kamwa, m'mimba, ngakhale mu ubongo. Muyeso woyenera udziwika ndi cipimo ca magazi cochedwa INR, cimene kwa odwala ambiri ciyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Poyamba cipimidwa pafupipafupi, ndipo cikakhazikika cipimidwa pafupifupi mwezi uliwonse, moyo wonse.

Zinthu zosokoneza cipimo cimeneci ndi za masiku onse. Rifampicin wa odwala TB afooketsa warfarin, pamene Septrin ndi Flagyl amuonjezera mphamvu. Repu, cibwabwa ndi kalembula zili ndi vitamini K amene alimbana naye, kotero kuti cipimo ca nyengo ya dzinja, ndiwo zamasamba zitaculuka, cisiyana ndi ca m'cilimwe. Wodwala sayenera kuleka ndiwo zimenezi, koma azidya mofanana sabata ndi sabata. Mowa ndi zitsamba za kwa sing'anga nazonso zisokoneza, ndipo mai amene afuna kutenga pakati ayenera kuonana ndi dotolo coyamba, pakuti warfarin angathe kupweteka mwana wa m'mimba. N'zosadabwitsa tsono kuti kafukufuku wa REMEDY wa mu 2015, umene unaphatikiza odwala a m'Zambia, unapeza kuti mwa odwala 100 amene anapimidwa INR, 28 okha ndiwo anali ndi cipimo coyenera.

Apa ndi pamene akuluakulu a zaumoyo ku Livingstone ayenera kuikapo mtima. Wodwala amene afunika kulipira takisi, kutseka thebulo lace pa msika, ndi kukhala pa mzere tsiku lonse cifukwa ca dontho limodzi la magazi, adzapita miyezi itatu kapena inai, kenaka adzaleka. Wa ku Mukuni ndi wa ku Kazungula adzaleka msanga koposa. Koma alipo makina ang'onoang'ono a m'manja, ofanana ndi opimira shuga, amene apereka yankho la INR m'mphindi zowerengeka pongolasa cala. Makina otere ayenera kukhala pa kiliniki iliyonse ya m'makomboni a Maramba, Libuyu, Linda ndi Dambwa, pamodzi ndi timapepala tace ndi warfarin wosatha pa shelefu. Cipatala cacikulu ca Livingstone University Teaching Hospital cikhale mutu wa nchitoyi: cipime ndi kuona mtima poyamba, ciike muyeso, ciphunzitse anamwino, ndipo ciyankhe foni pamene cipimo ca wodwala catuluka m'malire.

Ena adzati timapepalato ndi todula, ndiponso kuti namwino sayenera kusintha muyeso wa mankhwala oopsa cotere. Mau omwewo ananenedwa za ma ARV. Komabe boma litayamba kuwapereka mwaulere m'dziko lonse mu 2005, nchitoyo inatsikira ku makiliniki, ndipo anamwino ophunzitsidwa bwino anaisenza. Za mtengo, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018, liwerenge bwino: timapepala ta caka conse tiikidwe pa sikelo pamodzi ndi masabata a munthu wa sitiroko pa bedi la cipatala, ndi mwana wamkazi amene aleka sukulu kuti azisambitsa amai ace.

Cipatala ca National Heart Hospital ku Lusaka ndi cofunika, ndipo wodwala amene citseko ca mtima wace cacepa kwambiri atumizidwe kumeneko nthawi isanathe. Koma ulendo wa makilomita oposa 450 umenewo suthetsa nkhani ya cipimo. Munthu amene waikidwa citseko ca citsulo abwerera ku Libuyu ali wofuna warfarin ndi INR koposa kale, kufikira tsiku la imfa yace.

Wodwala aliyense apatsidwenso kabuku kace kolembamo tsiku, cipimo ndi muyeso wa mapiritsi, kuti namwino wina aliyense, ngakhale wa ku Zimba kapena ku Choma, adziwe pamene zinthu zili. Pa cikuto cace palembedwe m'Cinyanja, m'Citonga ndi m'Cilozi zizindikiro zofuna kuthamangira ku cipatala tsiku lomwelo: magazi a m'mphuno osaleka, cimbudzi cakuda bii, mkodzo wofiira, mutu wopweteka modzidzimutsa, ndi dzanja kapena mwendo umene wafooka mwadzidzidzi.