Chiyembekezo cha Mlimi Chili m'Mbeu Yake



Tsoka likagwera khomo limodzi, anansi amabwera kudzatonthoza. Koma likagwera dziko lonse wotonthoza amasowa, pakuti munthu aliyense ali ndi maliro ake. Zotere zinaoneka m'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe Freddy anakokolola minda ya kumwera, ndiponso m'chaka cha 2024, pamene chilala chinakula kufikira Boma linalengeza za tsoka m'maboma 23 mwa maboma 28. Pa nyengo zotere ambiri amataya mtima, nanena kuti khasu lilibenso phindu. Ife tikana mau amenewa, ndipo umboni wathu tiutenga ku njala ya 1949, imene makolo athu anatisimbira.

Kumapeto kwa chaka cha 1948 mvula inayamba bwino, anthu nabzala mokondwera. Koma pofika nyengo ya Khirisimasi inaleka, ndipo dzuwa linaomba masabata ambiri kufikira chimanga chinafota chisanamasule. Ena anabzala kawiri, ena katatu, mbeu ikupserera m'nthaka. Chigawo cha Kumwera ndicho chinasauka koposa, makamaka Lunzu ndi midzi ina ya m'boma la Blantyre. Boma, limene Bwanamkubwa wake anali Geoffrey Colby, linaitanitsa chimanga kunja. Koma mlatho wa njanji pa Chiromo unali utaonongeka ndi madzi m'chaka cha 1948, kotero kuti katundu wochokera ku Beira anayenda movutika. Kumayambiriro kwa 1950 Boma linatsegula misasa yodyetserako ofooka. Linawerenga anthu ngati 200 akufa ndi njala, koma ofufuza a m'mbuyo muno anena kuti anafa anali ochuluka koposa pamenepo.

Sitifuna kubisa zowawa za chaka chimenecho. Nkhalamba ndi tiana ndizo zinayamba kugwa. Amuna ena anapita kukasuma osabwereranso, akazi natsala okha ndi ana. Tsono ngati wina anena kuti chiyembekezo sichidzaza nkhokwe, tivomerezana naye. Mau okoma okha sanapulumutsepo munthu. Koma tifunse funso ili: nanga iwo amene anapulumuka, anapulumuka bwanji?

Choyamba, sanaleke kubzala. Pamene mvula inabweranso mochedwa, nthawi ya chimanga itapita, anthu anabzala mbatata ndi chinangwa, ena natsikira kumadimba. Amene anali ndi mapira anakololako pang'ono, pakuti mapira apirira dzuwa koposa chimanga, ndipo chinangwa chidikira mwini wake m'nthaka popanda nkhokwe. Munthu wobzala kachitatu pa nthaka imene yamunyenga kawiri ndiye mwini chiyembekezo chenicheni.

Chachiwiri, sanakhale pansi. Amuna anayenda mitunda yaitali kunka ku Ntcheu, ku Neno, ku Mwanza ndi kutsidya la malire ku Mozambique, kukagwira ganyu ndi kukasuma kwa abale. Ambiri anabwerako atasenza chakudya. Apa tiphunzira kuti chilala sichimenya dziko lonse mofanana, ndi kuti chibale chosungidwa bwino pa chaka cha dzinthu chisanduka nkhokwe pa chaka cha njala.

Chachitatu chikhudza inu alimi a fodya. Pa masiku amenewo akulu ena a Boma ananena kuti njala yadza chifukwa anthu anakonda fodya naiwala chakudya. Koma Megan Vaughan, amene anafufuza mbiri ya njalayi nasindikiza buku lake m'chaka cha 1987, anaonetsa kuti mlandu sunali wapafupi chotero: anthu amene anali ndi njira yopezera ndalama anatha kugula chakudya, ndipo amene anasauka koposa anali osowa ndalama ndi osowa wowathandiza. Chotero fodya si mdani wa chimanga. Mdani ndiye kudalira chinthu chimodzi chokha, kapena kumwaza ndalama za fodya m'mwezi womwewo wa malonda, osasiyako za m'Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zipepuka.

Tsono uphungu wathu ndi uwu. Pokolola, sankhani ngala zabwino za chimanga cha makolo, muzipachike pa utsi kuti anankafumbwe asaziboole, ndipo njala ingawawe chotani musazikazinge. Mbeu ya haibulidi igulidwe yatsopano chaka ndi chaka, mvula isanagwe. Khomo lililonse likhale ndi ndime ya chinangwa kapena ya mbatata, ndi nandolo kapena khobwe pakati pa chimanga. Sungani mbeu ya mbatata kudimba m'chilimwe, kuti pofika dzinja musapemphe kwa ena. Ndipo pamene nazale ya fodya ifuna manja ambiri, munda wa chakudya usachedwe kubzalidwa chifukwa cha iyo.

Koposa zonse, yang'anani khomo la mnzanu. Njala ya 1949 inapha makamaka iwo amene anasiyidwa okha. M'mudzi uliwonse muli mai wamasiye, nkhalamba yopanda mdzukulu, kapena banja limene mbeu yake inapserera. Mafumu ndi ankhoswe awadziwe anthu amenewa njala isanafike pachimake. Mbale imodzi ya mbeu yobwereketsa mu Disembala ipambana thumba la thandizo lofika mu Marichi. Akulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Sitikulonjezani kuti mvula idzagwa bwino chaka chilichonse; palibe munthu angalonjeze zimenezo. Chimene tidziwa ndi ichi: njala ija inatha ndi zokolola za 1950, ndipo midzi ya ku Lunzu imene inalira maliro chaka chimenecho ilipo kufikira lero, adzukulu akulima minda yomweyo. Iwo alipo chifukwa agogo awo anasunga mbeu ali ndi njala, nabzalanso ali ndi chisoni. Ifenso tichite chimodzimodzi: tikonze mizere, tinole makasu, ndipo mbeu ikhale pafupi pamene mitambo iyamba kuda.

Tsalani bwino, alimi anzathu.