Nsomba yomwe adailira maliro

Sabata yatha ndinkaphunzitsa Fomu 3 za kuipitsidwa kwa madzi, ana akungoyasamula. Ndiye ndidawauza za nsomba ya mtundu wa char, Salvelinus profundus, ya pansi pa nyanja yozizira ya Constance, m'tsinde mwa mapiri a Alps.

Cha m'ma 1970, zonyansa za m'masuweji ndi feteleza zidachulukitsa ndere, nderezo n'kumaolera pansi, mpweya n'kuchepa. Nsombayi idasowa, ndipo mu 2008 akatswiri adalengeza kuti idatheratu. Koma Germany, Austria ndi Switzerland anali atayamba kale kuyeretsa madziwo. Mu 2014 idapezekanso, yamoyo!

Mtsikana wina adakweza mkono: "Aphunzitsi, nanga feteleza wa kudimba kwanu, m'mbali mwa mtsinje muja, amathera kuti?" Ndidasowa chonena. Mtsinjewo umakathira m'nyanja ya Malawi, ndipo dimbalo ndi lomwe limandifikitsa kumapeto kwa mwezi.