Kodi Tsobola Wakale Sawawadi?

Mwezi uno ndabwera ndi nkhani ya phwete, koma musafulumire kunena kuti mkuluyu zolemba zamuthera, pakuti cimene munthu amaseka naco cimaulula za mumtima mwake kuposa zimene amalankhula pamsonkhano.

Masiku apitawa tinalandira mlendo kwathu ku Petauke, muphwa wanga amene amagwira nchito ku Lusaka. Potsika basi ananyamula mkoko wa nthoci za pa Nyimba kudzanja lina, ndi kompyuta yake kudzanja linalo. Titadya nsima madzulo, anasonkhanitsa ana onse pamphasa nawaonetsa filimu ya mu 2008, dzina lake Get Smart. Anawo anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinamuuza kuti dzinalo si lacilendo m'makutu mwanga, cifukwa mphunzitsi wathu wina kusukulu ya mishoni ankatisimbira za kazitape woimba lamya ndi nsapato. "Amalume," iye anatero, "zakalezo ndili nazo muno, koma tsobola wakale sawawa." Ndinamuyankha kuti mau a akulu akoma akagonera. Pofuna kuthetsa mkangano, tinapangana kuonera zonse ziwiri, ndipo tinatero kwa masiku atatu. Zimene ndinaona ndi izi.

Tiyambe ndi sewero lakalelo. Linayamba kuonetsedwa ku America pa 18 September 1965 pa wailesi yakanema ya NBC, ndipo caka cake cotsiriza linasamukira ku CBS, kumene linathera mu 1970. Zigawo zake zonse ndi 138, ciliconse ca mphindi pafupifupi 25. Amene analiyambitsa ndi akatswiri awiri a nthabwala, Mel Brooks ndi Buck Henry. Inali nthawi imene America ndi Soviet Union ankayang'anizana ndi diso lofiira. Mu 1962, pa nkhani ya mizinga ya ku Cuba, dziko lonse linatsala pang'ono kugwa m'nkhondo yoopsa. Caka comweco kunatuluka Dr. No, filimu yoyamba ya James Bond, kazitape wosalephera kanthu, ndipo anthu anatengeka naye. Brooks ndi Henry anafunsa funso losavuta: nanga bwanji ngati munthu wosungitsidwa zinsinsi za dziko ali wopusa ngati ife tomwe?

Yankho lao linali Maxwell Smart, kazitape nambala 86, amene Don Adams anamusewera mwaluso mpaka kulandira mphoto ya Emmy zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 1967 kufikira 1969. Iye amagwira nchito m'bungwe lacinsinsi la boma, dzina lake CONTROL, lolimbana ndi gulu la zigawenga la KAOS. Mnzake wa panchito ndi mai wanzeru, nambala 99, woseweredwa ndi Barbara Feldon, ndipo bwana wao woleza mtima, amene mutu umamupweteka tsiku ndi tsiku cifukwa ca Max, ndi Edward Platt. Coseketsa mwa Max si kupusa kokha ai, koma kupusa kosadzidziwa. Amalakwitsa ali cinenere kuti akudziwa, amapepesa mwacidule, nabwerezanso comweco mawa lake. Adani akamugwira, amawaopseza kuti nyumba yonse yazingidwa ndi apolisi ambirimbiri. Akaona kuti sanamukhulupirire amacepetsako ciwerengero, nacepetsanso, mpaka kutsala kanthu kocititsa manyazi. Ndinauza ana kuti ndi mmene amai a pa Nyimba amatsitsira mtengo wa nthoci basi ikayamba kunyamuka.

Koma cimene cinandigwira mtima ndi cipangizo cina cooneka ngati mitanga iwiri yagalasi, cimene amacitsitsira pamitu pao akafuna kukambirana zacinsinsi. Ali mkatimo awiriwo samvana konse, amangofuula, pamene munthu woima kunja ndiye akumva zonse. Ana anaseka cifukwa ca kufuulako. Ine ndinaseka cifukwa ndinakumbukira zina. Ife amene tinakula m'nthawi ya cipani cimodzi, isanafike 1991, timadziwa mantha a akazitape amene tinkawacha ashushushu. M'basi yopita ku Lusaka akulu ankatsitsa mau akafika pa nkhani za boma, ndipo pa mlatho wa Luangwa, pamene pankalondera asilikali, aliyense ankangoti zii. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inabweretsa othawa nkhondo m'boma lathu, ambiri nakhazikidwa ku Ukwimi, ndipo mlendo aliyense wosadziwika ankayang'anidwa kawiri. Mantha ena anali ndi maziko, pakuti malire athu sanali pa mtendere. Koma ena anali ongodzipangira, ndipo anacititsa anthu a mudzi umodzi kukayikirana popanda cifukwa. Sewero lakale lija linkaseka cinthu cimeneci: cinsinsi cikaculuka, a m'nyumba imodzi ndiwo amaleka kumvana, mdani osavutika konse. Kuseka cinthu cimene aliyense akuciopa ndi mankhwala, ndipo pamafunika kulimba mtima kuti munthu awapereke.

Tsopano tibwere ku filimu ya 2008, yotsogozedwa ndi Peter Segal. Don Adams anali atamwalira mu 2005, ndipo malo ake anatenga Steve Carell. Anne Hathaway ndiye nambala 99, Alan Arkin ndiye bwana, ndipo Terence Stamp ndiye Siegfried, mkulu wa zigawenga. Opanga filimu sanaiwale makolo ao. Makomo acitsulo otsegukatseguka alipo, mtanga wacinsinsi ulipo m'maonekedwe atsopano, ndipo Bernie Kopell, amene ankasewera Siegfried kale, akuonekera kamphindi ali m'galimoto. Ngakhale zili tero, ndinaona kusiyana kutatu kwakukulu.

Koyamba ndi khalidwe la Max mwini. Wakale uja ndi wonyada wosadziwa kanthu, wopambana mwamwai ndi mwa nzeru za mnzake. Watsopanoyu ndi kalaliki wa mu ofesi, wakhama, womvetsera zokambirana za adani ndi kulemba malipoti aatali amene anzake amatopa nawo. Wakhala zaka akulakalaka kutumidwa kunja, ndipo mwai umamupeza adani atathyola likulu ndi kudziwa maina a akazitape pafupifupi onse. Amaphophonya inde, koma cifukwa ca ucilendo panchito, osati cifukwa cosowa nzeru. Motero wakaleyo timamuseka, watsopanoyu timamumvera cisoni ndi kumufunira zabwino. Zonsezi ndi zabwino, koma si cinthu cimodzi. Fisi wa m'nthano mukamusandutsa wofatsa ndi wakhama, ana adzamukonda, koma phunziro la dyera lidzakhala litatayika.

Kwaciwiri ndi utali. Nthabwala ili ngati mcere: pang'ono pokha ndiwo zakoma. Sewero la mphindi 25 linkatenga kupusa kumodzi, kukutembenuza katatu, nkutha anthu akali kufuna zina. Filimu ndi ya mphindi 110, ndipo pofuna kudzaza nthawi yonseyo anaikamo kulumpha m'ndege, kuphulika kwa nyumba, nkhonya, ndi kuthamangitsana kwa galimoto panjanji. Dwayne Johnson, amene akusewera nambala 23, ndi munthu wa minofu amene kale anali katswiri wa masewera ogwetsana. Mapeto ake ndi bomba lochera m'nyumba ya zoimbaimba ku Los Angeles, lokonzedwa kuti liphulike oimba akafika kumapeto kwa nyimbo ya Beethoven. Apa ndipo ndinaona codabwitsa. Sewero linabadwa kuti liseke mafilimu a James Bond, koma mdzukulu wake wavala malaya a James Bond yemweyo, ndipo nthawi zina amaiwala kuti anabwera kudzaseka.

Kwacitatu ndi nthawi imene tikukhalamo. Mu 1965 lamya yoyenda nayo inali loto, ndipo kuona munthu wamkulu wovala suti akuvula nsapato pakati pa anthu ndi kuiika kukhutu kunali kodabwitsa ndi koseketsa pamodzi. Lero ngakhale wogulitsa makala m'mbali mwa mseu waukulu ali ndi foni m'thumba. Opanga filimu anadziwa zimenezi, ncifukwa cake nsapato ija, suti ndi kagalimoto kofiira ka Sunbeam Tiger anaziika m'malo osungiramo zakale, kumene Max akuzitenga atasowa pogwira. Ndipo kagalimotoko sikapita patali, mafuta nkutha. Pamenepa muphwa wanga anali ndi mfundo: nthabwala zina zimakalamba pamodzi ndi nthawi yake.

Ndisakhale ngati nkhalamba yokana ciliconse catsopano. Pali zimene filimu inacita bwino koposa. M'sewero lakale nambala 99 ndiye anali ndi nzeru, koma kawirikawiri ankazipereka monong'oneza, ulemu nkupita kwa mwamuna; ndi iko komwe dzina lake lenileni silinaululidwe m'zaka zonse zisanu, ngakhale pamene anakwatiwa ndi Max mu 1968 nabereka mapasa caka cotsatira. Mu filimu iye ndiye wodziwa nchito, ndipo sabisa. Adzukulu anga aakazi anaona zimenezi ine ndisananene. Palinso pena pamene Max wagwidwa ndi ciphona ca munthu cofuna kumupha. M'malo mwa mfuti, iye akukumbukira zimene anamva pomvetsera malamya, zakuti ciphonaco cili ndi mavuto m'banja, nayamba kucilangiza, mpaka mtima wake kugwa pansi. Kuona mdani ngati munthu wokhala ndi nkhawa zake ndi phunziro limene ndingakonde mwana aliyense alitenge.

Kwa makolo ndinene mosabisa. Filimuyi ku America komweko anaiika m'gulu la zofunika kusamala nazo kwa ana osakwana zaka 13. Muli anthu ophedwa, mau ena otukwana, ndi nthabwala zina za thupi zimene ndinacita nazo manyazi pokhala pamphasa imodzi ndi adzukulu. M'sewero lakale namonso muli mfuti, ndiponso zigawo zina zimaseka anthu a mitundu ina ndi kalankhulidwe kao m'njira imene lero tiyenera kuikana. Conco palibe ca ziwirizi cimene muyenera kungosiyira ana inu nkupita kukagona. Khalani nawo, ndipo zikatha afunseni kuti aseka ciani, ndiponso aseka yani: wamphamvu wodzikuza kodi, kapena wofooka wosatha kudziteteza? Yankho lao lidzakuuzani zambiri za mmene akukulira.

Kubwereza nkhani yakale si mlandu. Agogo athu sankasimba nthano ya Kalulu mofanana usiku uliwonse, ndipo amene anamvako Julius Chongo pa Poceza m'Madzulo pa wailesi ya dziko lino akudziwa mmene ankatengera nkhani zodziwika kale ndi kuziveka zovala zatsopano, anthu nkuzimva ngati akuzimva koyamba. Koma wosimba waluso amadziwa fupa la nkhani yake. Angasinthe mudzi, nyengo ndi maina, fupalo osalikhudza. Fupa la Get Smart linali lakuti anthu amene amati akutiteteza ndi anthu cabe, oyenera kusekedwa akadzikuza. Filimu inasunga nsapato, makomo ndi manambala, koma fupalo inalifewetsa kuti ligulitsike kwa aliyense. Ndipo linagulitsikadi, pakuti inapeza madola oposa 200 miliyoni padziko lonse. Koma kugulitsika ndi kukoma sizibadwa kwa mai mmodzi nthawi zonse.

Usiku wacitatu tinaika mlandu m'manja mwa ana. Ambiri anasankha filimu, ndipo sindinawadzudzule, pakuti ndi ya m'nthawi yao. Koma m'mawa mwake, ndikupita kumunda, ndinapeza adzukulu awiri atakhala pansi pa mtengo wa mango, aliyense wavala ndowa kumutu, akufuulirana zacinsinsi mudzi wonse ukumva, wacitatu ali pambali pata-pata kukhutu. Muphwa wanga anaima pakhomo akuyang'ana, kenaka anati, "Amalume, tsobola uja akali kuwawa." Ndinamuuza kuti asaiwale kundisiyira zigawo zotsalazo asanakwere basi.