MAGANIZO ATHU: Cenjerani pa Malonda a Makobiri Akale

Pa malire a Mwami, pamene kwaca ya Zambia ndi ya Malawi zisinthanitsidwa tsiku ndi tsiku, pamveka malonda enanso: kugula ndi kugulitsa makobiri akale. Malonda amenewa si oipa ai. Coipa ndi bodza limene liyenda nao.

Tikumbutsane. Kwaca ndi ngwee zinayamba pa 16 January 1968, kulowa m'malo mwa mapaundi ndi masileni. Kale lomwelo tinali ndi ndalama za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, monga kobiri loboola pakati lija la njobvu ziwiri. Makobiri otere anasulidwa ambirimbiri, ndipo masileni a Citaganya alibe siliva. Siliva ali m'masileni a Southern Rhodesia osulidwa cisanafike caka ca 1947. Tsono munthu wolonjeza cuma ca ng'ombe khumi pa kobiri limodzi la njobvu, mumufunse bwino.

Wamalonda woona ali ndi sitolo yodziwika, kumene mungabwerere mawa ndi dandaulo. Amayesa ndalama pa sikelo inu mukupenya, amakuonetsani caka cake m'buku la mitengo, napereka lisiti. Sakufulumizani, ndiponso sapempha ndalama ya patsogolo yoti "akapimitse" kobiri ku Lusaka. Wocita malonda kuseri kwa basi, madzulo kuli cisisira, ameneyo msiyeni apite.

Ndipo inu azimai osunga makobiri a agogo m'citini, musawakwece ndi phulusa kapena mcenga. Kobiri lokweca limatsika mtengo, ngakhale liwale bwanji.