Gulitsani Mkaka, Musagulitse Ng'ombe

Owerenga athu ena adzadabwa poona kuti tsamba lino, limene masiku onse likamba za manyowa, migula ndi nkhokwe, lero likukamba za kanema. Asadabwe ai. Kale kanema adali wa Boma ndi wa makampani akulu okha. Bungwe la Central African Film Unit litakhazikitsidwa ku Salisbury m'chaka cha 1948, galimoto zinkafika m'midzi madzulo, nsalu yoyera n'kupachikidwa pabwalo, anthu n'kuonera zithunzi zophunzitsa ulimi ndi ukhondo. Munthu wa kumudzi adali woonera chabe. Tsopano makina ojambulira alowa m'thumba la malaya. Mwana wa mlimi amene ali ndi foni yabwino kapena kamera akhoza kujambula mlatho wokokoloka, moto pamsika kapena ntchemberezandonda m'munda wa chimanga, natumiza kwa eni wailesi ya kanema dzuwa lisanalowe. Achinyamata ena ayesa imeneyi ntchito yao yodyera. Sadalembedwe ndi kampani iliyonse, ndipo salandira malipiro a pamwezi. Agulitsa zimene ajambula kwa aliyense wofuna kugula. Munthu wotere ife timuyesa mlimi mnzathu, pakuti ali ndi zokolola, ali ndi msika, ndipo wotchula mtengo ndi wogula.

Ntchito imeneyi idakula kwambiri m'mizinda ya ku America monga Los Angeles. Kumeneko ojambula oima paokha adazolowera kuchezera m'galimoto usiku wonse, akumvetsera mauthenga a apolisi ndi a ozimitsa moto. Akamva za ngozi athamangirako, najambula, nagulitsa kwa nyumba za kanema nkhani za m'mawa zisanayambe. Pamwamba pa nyumba zimenezi pali amalonda a pikulitsa, monga Reuters, Associated Press ndi AFP, amene agula kanema kwa mmodzi nagawira mawailesi ambirimbiri m'maiko onse. Tsono katundu wa wojambula ali ngati mkaka. Wokamidwa m'mawa, pofika madzulo wasasa. Nkhani ya dzulo palibe aifuna lero, ndipo wogula adziwa bwino lomwe kuti wogulitsa sangadikire. Apa ndi pamene ambiri apusitsidwa.

Chimene tifuna kuti chimveke ndi ichi. Pa kanema aliyense pali zinthu ziwiri zogulitsika, ndipo sizifanana mtengo. China ndi chilolezo choonetsa kanemayo kwa nthawi yakuti, m'dera lakuti. China ndi umwini wake weniweni, ndiwo mphamvu yololeza kapena kukaniza aliyense kumuonetsa, chaka chino ndi zaka za m'tsogolo. Chilolezo ndicho mkaka. Umwini ndiyo ng'ombe. Pangano la maiko la ku Berne, limene lidayamba mu 1886 ndipo Malawi adalowamo mu 1991, linena kuti umwini wa ntchito yotere suyembekezera kulembetsa ku ofesi iliyonse. Kwathu kuno liripo lamulo la zaumwini wa ntchito zaluso la 1989 limene lidalowedwa m'malo ndi la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndilo liyang'anira zimenezi. Kotero mnyamata amene wajambula ndi makina ake, pa nthawi yake, wosatumidwa ndi munthu, ali nayo ng'ombe m'khola kuyambira ola lomwelo, ngakhale iye mwini sadziwa.

Kodi kanema wa nkhani akhala ndi mtengo kufikira liti? Tamvani za Abraham Zapruder, mwini kampani yosoka zovala za amai mumzinda wa Dallas. Pa 22 November 1963 iye adaima m'mbali mwa mseu ndi kamera yake yaing'ono kuti ajambule President John F. Kennedy akudutsa, ndipo adajambula kuomberedwa kwake. Kanema yenseyo ndi wa masekondi 26 okha. Usiku womwewo mtolankhani Richard Stolley wa nyuzi ya zithunzi yotchedwa Life adamuimbira lamya, koma Zapruder, ngakhale adali wosweka mtima, sadagulitse mumdima. Adati munthuyo abwere kukacha. M'mawa mwake adagwirizana madola 50,000 pa chilolezo chosindikiza zithunzi m'nyuzi, ndipo patapita masiku awiri Life idagula umwini wonse, mtengo nukwera kufika madola 150,000. Gawo loyamba la ndalamazo, madola 25,000, adalipereka kwa mkazi wamasiye wa wapolisi J. D. Tippit amene adaphedwa tsiku lomwelo. Zapruder adagulitsadi ng'ombe yake, koma adaigulitsa pa mtengo wa ng'ombe. Mu 1975 eni Life adabwezera kanemayo kwa banja lake pa dola imodzi, ndipo mu 1999 Boma la America lidalipira banjalo madola 16 miliyoni chifukwa chotenga filimu yeniyeniyo kukaisunga m'nyumba ya mbiri ya dziko. Padali patapita zaka 36.

Winanso ndi George Holliday, mmisiri wokonza mipope ya madzi ku Los Angeles. Usiku wa pa 3 March 1991 adadzutsidwa ndi phokoso, natenga kamera yake yatsopano ya Sony, najambula ali pakhonde apolisi akumenya munthu wakuda dzina lake Rodney King. Adayamba wafunsa kupolisi, koma sadamusamale. Pamenepo adapereka tepiyo ku wailesi ya kanema ya KTLA, nalandira madola 500. Tepiyo itangochoka m'manja mwake idafika ku CNN, ndipo m'masiku owerengeka idaonetsedwa pa dziko lonse lapansi. Holliday adakasuma ku bwalo la milandu kuti mawailesi aonetsa katundu wake popanda chilolezo, koma mu 1993 mlandu wake udagwa. Adapitiriza ntchito yake ya mipope mpaka adamwalira mu 2021. Sitinena kuti adalakwa poulula nkhanza zimene adaona; adachita bwino ndithu, ndipo dziko limuthokoza. Tingonena kuti adalowa mumsika wa anthu ochenjera ali wosadziwa sikelo yao.

Chaka chotsatira, pa 29 April 1992, apolisi anai aja atapezeka osalakwa, mzinda udabuka chipolowe. Kampani yaing'ono ya ojambula oima paokha, Los Angeles News Service, idali m'mwamba ndi ndege yake ya helikopita, ndipo mai Marika Gerrard adajambula anthu akumenya woyendetsa lole dzina lake Reginald Denny. Awa adali amalonda odziwa ntchito yao. Adagulitsa chilolezo kwa mawailesi, umwini nausunga. Pamene kanemayo adatumizidwa kunja kwa nyanja ndi ena amene sadalipire, iwo adasuma, ndipo mu 1998 bwalo lalikulu la apilo lidagamula kuti Reuters idalibe ufulu wokopera kanemayo popanda chilolezo. Sadapambane milandu yonse ai, pakuti malamulo a kumeneko nthawi zina alola kuonetsa kachidutswa kakang'ono kwaulere, ndipo milandu idawadyera zaka ndi ndalama. Komabe adali ndi poimira pamaso pa oweruza. Mzinda umodzi, nkhani imodzi, chaka chimodzi chokha pakati pao. Kusiyana kwake kudali pa kudziwa chimene akugulitsa.

Tidziwa chimene mnyamata wa kwathu adzayankha. Adzati, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Adzati, ndikavuta ine mkonzi adzatenga kwa wina, pakuti pamalo a ngozi pali mafoni khumi, ndipo eni ake apereka ulere kuti dzina lao lioneke pa kanema. Mauwa ali ndi nzeru, ndipo sitiwapeputsa. Munthu amene wawononga ndalama ya kabaza ndi ya intaneti afunika kuibweza lero lomwe. Ife sitikuti asunge mkaka mpaka usase. Agulitse msanga, agulitse lero, ngakhale pa mtengo wochepa ngati msika watero. Koma adziwe kuti pa mtengo wochepawo wogula ayenera kulandira mkaka wokha. Chomvetsa chisoni ndi ichi, kuti ogula ambiri sadafune n'komwe ng'ombe. Aitenga chifukwa mwini wake waisiya panjira yosamanga.

Kumanga kwake si kovuta, ndipo sikulira loya. Musanatumize kanema yense, tumizani kachidutswa, kapena kanema wolembedwa dzina lanu pakati. Mukamvana mtengo, lembani mau owerengeka onena kuti chilolezo mwapatsa yani, aonetse kwa masiku angati, m'dziko lino lokha kapena kunja komwe, pa wailesi pokha kapena pa Facebook ndi YouTube pomwe. Koposa zonse mulembe ngati aloledwa kupatsira ena, pakuti pa khomo limeneli ndi pamene kanema wa Holliday adatulukira. Wogula ayankhe kuti wavomera. Ngakhale uthenga wa pa WhatsApp uli bwino kuposa pangano la pakamwa, limene liuluka tsiku la mlandu. Wogula akafuna kuti aonetse yekha, ena onse amanidwe, alipire moposa, ndipo kumanako kukhale ndi malire, kaya tsiku limodzi kaya awiri. Alimi a fodya, amene agulitsa pa okushoni ku Limbe kuyambira 1938, adziwa kuti belo limene ogula atatu alilimbirana silipita pa mtengo wa belo limene laonedwa ndi mmodzi. Ndipo akakupatsani chikalata chokhala ndi mau akuti umwini wonse, kwamuyaya, m'maiko onse, muwerenge kawiri, mufunse wina akuwerengereninso, kenaka mutchule mtengo wina.

Pali chinthu china chimene tiyenera kunena poyera kuti tisanamize munthu. Nyumba ya kanema ikakutumani, nikulipirani pa tsiku, kapena nikubwerekani makina ake, nthawi zambiri zojambulazo zikhala zake, monga momwe waganyu sakolola chimanga cha m'munda umene adapalira. Ganyu si woipa. Alipira msanga ndipo alibe chikaiko. Koma munthu adziwe asananyamuke ngati lero akulima munda wake kapena wa mwini. Za malipiro a dzina lokha tilibe mau ambiri. Sitinaone sitolo imene ilandira dzina pogulitsa feteleza.

Wogulitsa mmodzi ali wofooka pamaso pa kampani, ndipo mankhwala ake alimi awadziwa kale, ndiwo kugulitsa pamodzi. Mu 1947 ojambula zithunzi Robert Capa, Henri Cartier-Bresson, George Rodger ndi David Seymour adayambitsa bungwe lothandizana lotchedwa Magnum, cholinga chake chachikulu chili chakuti zithunzi zikhale za amene adajambula, nyuzi zizingogula chilolezo. Bungwelo lilipo mpaka lero. Mu 1989 ojambula kanema anai adayambitsa lina ku London, Frontline News Television, logulitsa kanema wa kumalo a nkhondo. Mbiri yake iphunzitsanso za mtengo wina umene woima payekha alipira. Mwa anaiwo Nicholas della Casa adaphedwa kumpoto kwa Iraq mu 1991, ndipo Rory Peck adaomberedwa ku Moscow mu October 1993. Wolembedwa ntchito akavulala kampani imusamala. Woima payekha asiya banja lake pamtetete. N'chifukwa chake mu 1995 kudakhazikitsidwa thumba la Rory Peck Trust lothandiza ojambula otere ndi mabanja ao. Kwathu kulibe nkhondo, koma mtsinje wosefukira ndi khamu lokwiya zipha chimodzimodzi. Achinyamata asanu a m'boma limodzi akagwirizana mtengo woyambira, nasonkherana kandalama ka tsiku la tsoka, achita chimene makalabu a alimi achita chaka ndi chaka.

Umwini upatsanso wojambula mphamvu imene ndalama sizigula, ndiyo mphamvu yokana. Namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mu March 2023, anthu adajambula pa mafoni ao, zithunzizo nizifalikira ponseponse. Zina zidathandiza kuti maiko amve msanga ndi kutumiza chithandizo. Zina zidaonetsa mitembo ndi amai olira ana ao, ndipo zikuyendabe popanda wozibweza. Amene wagulitsa umwini, kapena wamwaza kanema wake mwachisawawa, alibenso mau pamene nkhope ya mnansi wake iikidwa pa chikalata chopemphera ndalama cha anthu osawadziwa. Amene wausunga akhoza kunena kuti gawo ili lionetsedwe, ili iai. Ndipo tiyembekeza kuti mwana woleredwa bwino, akapeza munthu ali m'matope, adzayamba waika kamera pansi.

Chatsala ndi nkhokwe. Kanema wotumizidwa pa WhatsApp afinyidwa ndi kuchepa maonekedwe, kotero amene ali ndi kanema woyamba, wathunthu, wosadulidwa, ndiye akhoza kutsimikiza kuti adajambula ndi iye. Musafufute woyambayo pofuna malo m'foni. Mumusunge pawiri, pa kakhadi ndi pa kompyuta kapena chosungira china, ndipo chimodzi chikhale m'nyumba ina, kutali ndi chinyezi ndi mbala. M'kabuku mulembe tsiku, malo, zimene zidachitika, amene adagula ndi tsiku limene chilolezo chake chitha. Opanga mafilimu a mbiri ndi mawailesi okumbukira zaka khumi za tsoka lakuti amafunafuna kanema wakale, ndipo pofika March 2033 padzakhala ofunsa za Chilobwe.